Ntchito za Manja: Kuzula Swichi Yakufa Osapha Kiyibodi

Mwezi uno tikambirane za ntchito imene yayamba kufika pa matebulo a anyamata ndi atsikana athu amene akuphunzira kukonza mawailesi ndi mafoni, ndiyo ntchito yochotsa maswichi ndi timababu pa kiyibodi ya kompyuta. Mwina ena a inu makolo muti nkhani imeneyi njosakukhudzani. Tadekhani pang'ono. Chowotcherera chimene mwana wanu wagula chili m'nyumba mwanu, mtovu umene akusungunulawo ukugwera pa tebulo limene inu mumadyerapo, ndipo akaononga kiyibodi ya eni ake, ndalama zolipira zidzatuluka m'thumba mwanu.

Poyamba tisiyanitse mitundu. Makiyibodi ambiri amene timawaona m'maofesi ndi m'masukulu ali ndi chilabala chimodzi pansi pa mabatani onse, ndipo kunsi kwa chilabalacho kuli timapepala ta pulasitiki tojambulidwa tinjira ta magetsi. Mmenemo mulibe swichi yoti munthu angaizule. Koma ulipo mtundu wina wolemera m'manja ndi wokwera mtengo, umene ogulitsa amautcha mechanical. Pa mtundu umenewu batani lililonse lili ndi swichi yakeyake, kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi kasipuling'i ndi tizitsulo tiwiri timene timakhudzana munthu akadina. Swichi yotchuka koposa ndi MX, imene kampani ya Cherry inayamba kupanga ku Germany mu 1983, ndipo kwa zaka zambiri eni ake ankalonjeza kuti ingathe kudinidwa kokwanira 50 miliyoni isanatope. Masiku ano makampani a ku China monga Gateron, Kailh ndi Outemu amapanga maswichi a msinkhu womwewo, a miyendo yokhala pa malo omwewo, kotero kuti swichi ya kampani ina imalowa pamene panali inzake. Ubwino wa kiyibodi yotere ndi umenewu, kuti batani limodzi likafa simutaya chinthu chonse. Mumazula swichi imodziyo ndi kuikapo ina.

Kunena n'kosavuta. Kuwotcherera waya pa bolodi mwana aliyense angaphunzire tsiku limodzi, koma kuchotsa chimene chinawotchereredwa kale ndiyo mbali imene imaonetsa mmisiri. Tembenuzani bolodi la kiyibodi muone kunsi kwake. Mwendo uliwonse wa swichi watulukira pa kabowo, ndipo kabowoko kazunguliridwa ndi kamphete ka mkuwa pamene mtovu wagwira. Kuchokera pa kamphete kameneko pali kanjira ka mkuwa kopita ku ziwalo zina. Pa mabolodi ambiri mkuwa umenewu kuchindikala kwake ndi mamilimita 0.035 okha, kuchepera tsitsi la m'mutu, ndipo unangomatidwa pa bolodi ndi guluu. Guluuyo akapsa nthawi yaitali amafooka, ndipo mukakoka swichi mtovu usanachoke wonse, kamphete kamatuluka pamodzi ndi mwendo. Swichi yakufa mtengo wake ngwochepa. Bolodi lothothoka timphete ndiye maliro enieni. Motero zonse zimene tinene m'munsimu cholinga chake n'chimodzi, kusunga timphete timeneti.

Chifukwa cha ichi musathamangire kuyatsa chowotcherera. Batani lina limalemba chilembo kawiri kapena katatu mukalidina kamodzi. Kawirikawiri pamenepo vuto ndi litsiro pa tizitsulo ta m'kati. Zulani kiyibodi ku kompyuta, vulani chipewa cha batanilo, dinani swichi ndi kudonthezeramo madontho awiri a mankhwala otsukira zamagetsi otchedwa isopropyl, kenaka muidinedine kambiri ndi kuisiya iume. Maswichi ambiri amachira ndi zimenezi. Batani lina silimva konse. Likatero masulani zomangira kuti bolodi likhale pamtunda, lumikizani kiyibodi ku kompyuta, mutenge kambaniro kachitsulo mukhudzitse timphete tiwiri ta swichiyo nthawi imodzi. Magetsi ake ndi mavolti 5 okha a USB, sangakugwireni. Chilembo chikaoneka, bolodi lili bwino ndipo wolakwa ndi swichi, kapena mtovu umene unang'aluka pa mwendo wake; yambani mwausungunulanso, mwina nkhani ithera pompo. Chilembo chikapanda kuoneka, vuto lili kwina, mwina pa diode, kachipangizo kakang'ono kokhala pafupi ndi swichi, kapena pa kanjira kamene kaduka, ndipo mukanazula swichi yosalakwa. Onaninso ngati miyendo yawotchereredwadi, pakuti makiyibodi ambiri atsopano ali ndi timasoketi mmene swichi imangolowetsedwa, ndipo imazuka ndi kukoka chabe.

Mukatsimikiza kuti swichi iyenera kuchoka, zulani chingwe cha USB. Ngati kiyibodi ndi yopanda chingwe, chotsaninso batire lake, chifukwa batire la lithium ndi chitsulo chamoto siziyenera kukhala pa bolodi limodzi.

Tsono zida. Chowotcherera chikhale chimene mungathe kuchiikira muyeso wa kutentha, ndipo nsonga yake ikhale yophwatalala pang'ono ngati katchizulo. Nsonga yosongoka ngati singano imaoneka yoyenera ntchito yaing'ono, koma siipereka moto wokwanira, ndipo munthu amakhalitsa nayo pa kamphete. Chitsulo chija amisiri a ndowa amaotcha pa makala chisayandikire konse. Chimodzimodzinso asidi wao. Pa lata amathandiza mtovu kugwira, koma pa bolodi amadya mkuwa pang'onopang'ono, ndipo kiyibodi imene yatuluka m'manja mwanu ili bwino idzabweranso patapita miyezi itafa. Pa zamagetsi timagwiritsa ntchito utomoni wochokera ku mitengo ya paini, umene m'sitolo amautcha flux, ndipo waya wa mtovu wogulitsidwa kwa okonza mawailesi umakhala nao kale m'kati mwake.

Choyamwira mtovu ndi kapampu kamene mumakakankha mpaka kagwire, ndipo mukadina kabatani kake kamabwerera mwamphamvu ndi kuyamwa mtovu wosungunuka. Totchipa tapulasitiki timagwira ntchito, koma tabwino ndi tokhala ndi kamlomo kofewa ka silikoni, monga SS-02 ya kampani ya Engineer ya ku Japan, pakuti kamlomoko kamapirira moto ndipo kamatseka kabowo konse kuti mpweya usalowe m'mbali. Kachubu ka silikoni kovekedwa pa kapampu kotchipa kamathandizanso chimodzimodzi. Palinso chingwe cholukidwa ndi timawaya ta mkuwa, chimene chimamwa mtovu monga chingwe cha nyali chimwera parafini. Chimenechi n'chabwino popukuta zotsalira pamwamba, koma mtovu wa m'kati mwa bowo sichiukoka bwino. Amisiri amene ntchito yao ndi yomweyi tsiku ndi tsiku amagula chida chamagetsi chonga mfuti, monga Hakko FR-301, chimene chimatenthetsa ndi kuyamwa nthawi imodzi. Koma mtengo wake umaposa makiyibodi angapo, ndipo wophunzira asavutitse nacho makolo.

Pali chinthu chimodzi chimene ophunzira amachikana akachimva koyamba: pofuna kuchotsa mtovu, yambani mwaonjezera mtovu. Chimene timachitcha mtovu wowotcherera ndi chisakanizo. Chodziwika kuyambira kale ndi cha tini magawo 63 ndi mtovu weniweni magawo 37 pa 100, ndipo chimasungunuka pa madigiri 183. Koma kuyambira pa 1 July 2006 maiko a mu European Union analetsa mtovu weniweni m'zipangizo zambiri zamagetsi, ndipo mafakitale ambiri anasinthira ku chisakanizo cha tini, siliva pang'ono ndi mkuwa pang'ono, chimene chimafuna madigiri 217 kapena kuposerapo. Chimenechi ndicho mudzachipeza pa makiyibodi ambiri ogula. Chimachedwa kusungunuka, chimafulumira kuuma, ndipo utomoni wake unapsa kale ku fakitale. Mukadonthezapo mtovu watsopano wa 63 ndi 37, umasakanizika ndi wakalewo ndi kuufewetsa, umabweretsa utomoni watsopano, ndiponso umadzaza mpata wa pakati pa nsonga ndi mwendo kuti moto ulowe msanga mpaka kuseri kwa bowo. Kapampu nakonso kamakoka bwino dontho lalikulu lamadzimadzi kuposa kachidutswa kongonona m'mbali.

Ikani chowotcherera pa madigiri 350. Ena poopa kupsereza amachitsitsa kwambiri, osadziwa kuti chimene chimathothola kamphete ndi kukhalitsa. Moto wochepa wa masekondi 15 umaononga koposa moto wokwana wa masekondi 3. Khudzitsani nsonga pa mwendo ndi pa kamphete pamodzi, osakanikiza. Mtovu ukasungunuka werengani mpaka kawiri kapena katatu kuti wa m'kati mwa bowo usungunukenso, ndipo pomwe nsonga ikuchoka kapampu kakhale katafika kale, katavundikira mwendo, kali chilili. Dinani. Mukachita bwino mudzaona kamdima kozungulira mwendo, bowo lili pululu. Mukaona kuti mtovu watsala theka, musabwereze kutenthetsa zotsalirazo, ngakhale mtima ukuuzeni kuti kamodzi kokha kakwana. Siyani pazizire, pitani pa mwendo wina, kenaka mubwere kudzadzazanso bowolo ndi mtovu watsopano ndi kuyambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumbukiraninso kutulutsa zinyenyeswa za m'kapampu kawirikawiri, pakuti kakadzaza kamazilavulira pa bolodi.

Tibwere ku timababu. Makiyibodi owala ali ndi timababu ta LED ta mitundu iwiri. Tina n'tophwatalala, tomatidwa pa bolodi kunsi kwa swichi; timeneto tisiyeni, sitikutsekerezani njira. Tina n'ta miyendo, tozungulira ta mamilimita 3 kapena ta makona anayi. Kababu kotere kamakhala pamwamba pa swichi, miyendo yake iwiri itapyola m'thupi la swichiyo mpaka kukatulukira kunsi kwa bolodi. Kali ngati msomali wokhoma swichi. Kasanachoke, swichi siingazuke, ndipo amene amakoka mwamphamvu ataiwala zimenezi amathothola timphete tiwiri nthawi imodzi. Motero kababu ndiko koyamba.

Timabowo ta timababu n'tating'ono ndiponso n'toyandikana, ndipo timphete take n'tosalimba kuposa ta swichi. Nthawi zina mwendo umodzi umalumikizana ndi chigawo chachikulu cha mkuwa chimene chimamwa moto, kotero kuti mwendo umenewo umakhalabe wouma pamene unzake wasungunuka kale. Njira imene ine ndimaikonda, ngakhale ena amaiona ngati yachidule mopitirira, ndi iyi. Onjezani mtovu mpaka miyendo yonse iwiri ilumikizane ndi dontho limodzi, imikani bolodi cham'mbali, gonekani nsonga pa dontholo kuti yonse isungunuke pamodzi, ndipo ndi kambaniro kokani kababu mofatsa kuchokera kutsogolo. Kakamatuluka kokha ndi bwino, kakakana, lekani. Mabowo otsalawo mudzawayamwa mosavuta popeza mulibenso mwendo. Ntchito imeneyi imafuna manja atatu, tsono mng'ono wanu wamkuluko kapena mlongo wanu agwire bolodi. Timababu tosinthasintha mitundu tili ndi miyendo inayi mu mzere umodzi, ndipo timeneto wophunzira ayambe wayeserera pa bolodi lakufa.

Musanazule kababu, onetsetsani mmene kanakhalira. LED imalola magetsi kuyenda njira imodzi yokha, ndipo mukaitembenuza siiyaka. Pa kababu katsopano mwendo wautali ndiwo wa +, koma pa kakale miyendo inadulidwa kale ndi kufanana. Yang'anani chizindikiro cha + pa bolodi, kapena mbali yosalazidwa m'mphepete mwa kababu kozungulira, imene ndiyo ya mwendo winawo. Chapafupi koposa ndi kuika kadontho ka inki pa mbali ya + kababu kasanachoke. Ngati pafunika kusankha pakati pa kababu ndi kamphete, lolani kababu kapse. Timababu n'totchipa, timphete sitigulitsidwa.

Kababu katachoka ndipo miyendo iwiri ya swichi itayamwidwa, gwedezani mwendo uliwonse ndi kambaniro. Uyenera kusewera m'bowo mwake. Nthawi zina umangogwira ndi kaulusi ka mtovu m'mbali mwa bowo, ndipo mukaukankha pang'ono umamveka kuti tche, wamasuka. Ukakhala wouma gwa, dzazaninso ndi kuyamwanso. Mafakitale ena amapinda miyendo asanaiwotcherere. Mwendo wotere uwongoleni ndi kambaniro mtovu uli wosungunuka, musaunyamule ndi nsonga yamoto yotsamira pa kamphete. Makiyibodi ambiri ali ndi chitsulo chamabowo pamwamba pa bolodi, ndipo swichi imagwira m'chitsulomo ndi timano tiwiri, kamodzi kumtunda kena kumunsi. Panani timanoto ndi chozulira maswichi ndi kukoka molunjika. Nyonga imene ikufunika ndi yogonjetsa timano tokha. Mukamva kuti china chikugwirabe kunsi, ndi mtovu umenewo, ndipo kamphete kali pamodzi nao.

Nanga swichi yatsopano ichokera kuti? Ngati palibe yogula pafupi, kiyibodi yomweyo ili ndi nkhokwe yake. Mabatani a Scroll Lock ndi Pause anthu ambiri amatha chaka osawakhudza. Zulani swichi ya limodzi la amenewo muike pa chilembo chakufa. Olemba Chichewa akudziwa okha mmene batani la A limavutikira, pakuti m'chinenero chathu n'kovuta kupeza chiganizo chopanda chilembo chimenechi. Yakufayo muibwezere pa Pause kuti pasakhale chigweru, koma mwini kiyibodi mumuuze chimene mwachita.

Kamphete kakathothoka musataye mtima. Tsatani ndi maso kanjira kamene kanachokera pamenepo. Pa makiyibodi ambiri mwendo umodzi wa swichi umapita ku diode yake, winawo umalumikizana ndi miyendo ya maswichi anzake a mu mzere womwewo. Mita yoyezera magetsi, mutaiika pamene imalira mawaya ake akakhudzana, idzakuthandizani kupeza malo enieni. Kawaya kakang'ono kokutidwa, kochokera pa mwendo kukafika pa malo amenewo, kamaukitsa batanilo. Ntchito yake siikongola koma imagwira, ndipo apanso mwini wake ayenera kudziwa kuti m'kati muli chigamba.

Pali achinyamata ena amene amafuna kusintha maswichi onse chifukwa amva kuti a mtundu wina amalira bwino kapena ngofewa. Awerengere kaye. Kiyibodi yaikulu ili ndi mabatani 104 kapena 105. Ikakhala ya timababu ta miyendo iwiri, batani lililonse lili ndi mfundo zinayi, ndiye kuti mfundo 416 pa kiyibodi ya mabatani 104. Ngakhale mfundo iliyonse itatenga theka la mphindi, amenewo ndi maola atatu ndi theka osapuma, ndipo timphete timathothoka makamaka dzanja likatopa. Ntchito yotere igawidwe masiku awiri kapena atatu.

Tsopano kwa inu makolo. Utsi umene mumauona powotcherera si wa mtovu iai, pakuti mtovu suwira kufikira moto utapitirira madigiri 1,700. Ndi utsi wa utomoni. Umenewu umayabwa m'maso ndi pakhosi, ndipo wouphatikiza ndi mpweya wake masiku ambiri angathe kuyamba nao mphumu. Zenera likhale lotsegula, ndipo nkhope isakhale pamwamba pa utsi. Mtovu weniweni, pa ntchito ngati imeneyi, umalowa m'thupi kudzera pakamwa. Umatsala pa zala, ndipo ife nsima timadya ndi manja. Kapampu kaja kamalavula tinyenyeswa tonyezimira timene timagwera pansi, pamene mwana wokwawa amatola chilichonse. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ngwosaopsa, ndipo ana aang'ono ndiwo amapwetekeka koposa, chifukwa mtovu umaononga ubongo umene ukukula ndipo chimene chaonongeka sichibwerera. Anzathu a ku Kabwe m'dziko la Zambia akuzidziwa bwino zimenezi. Mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likudwalitsabe ana. Tebulo la mwana wanu si mgodi, komabe poizoni wake ndi yemweyo. Mupatseni malo akeake kutali ndi podyera. Ayale nyuzipepala, asonkhanitse zinyenyeswa m'kabotolo kotseka, ndipo asambe m'manja ndi sopo asanadye. Mukamuona waluma waya wa mtovu ndi mano chifukwa manja onse atanganidwa, monga amachitira ambiri, mudzudzuleni pomwepo. Chowotcherera chikhale ndi poika pake pamene ana sangafike, popeza chotentha ndi chozizira zimaoneka chimodzimodzi.

Tibwerere kwa mmisiri wathu, amene tsopano watsala ndi kubwezera. Onani kuti miyendo ya swichi njowongoka, ikankheni mpaka timano timveke kuti tagwira, ndipo ikhale pansi bwinobwino musanawotcherere, chifukwa swichi yopendama imafuna kuzulidwanso. Mtovu wokwana umaoneka ngati kachulu kotsetsereka mozungulira mwendo. Ukaoneka ngati mpira ndiye kuti wachuluka kapena sunagwire kamphete. Kenaka lowetsani kababu, mwendo wa + pa bowo la +, muwotcherere ndi kudula miyendo yotsala. Pukutani utomoni ndi isopropyl, gwedezani bolodi kuti zinyenyeswa zigwe, ndipo musanamange zomangira lumikizani kiyibodi ku kompyuta muyese mabatani onse, limodzi limodzi, ngakhale amene simunawakhudze. Kanyenyeswa kamodzi ka mtovu kogwera pakati pa timphete tiwiri kangathe kusokoneza mabatani a mzere wonse, ndipo n'kwapafupi kukapeza chivundikiro chisanatsekedwe.